Nthenga ya Nkhanga m'Makina a ba Mubanga

Pa Silverest ponse panalibe munthu wodana ndi phokoso ngati ba Mubanga. Ndikunena munthu woti nyerere ikatsokomola kutali ku Kasisi, iwo ali pa shopu yawo, ankaimva n'kuitumizira uthenga kuti ipite kuchipatala. Tambala wa aneba awo anachita kusiya kulira. M'mawa ankangoyasamula, kenako n'kuyang'ana kunyumba kwa ba Mubanga ngati wopepesa. Ngakhale akazi awo, ba Dailes, amati anakwatiwa chifukwa cha mapazi: tsiku loyamba kuonana ankayenda pa miyala osamveka, mwamunayo n'kuti, basi, ndapeza.

Ntchito yawo inali yolumikiza makompyuta akuluakulu a patebulo, aja amagula anthu ojambula mapulani a nyumba ndi okonza mavidiyo a maukwati. Ena akamagulitsa kompyuta amakuonetsa kutsogolo, kowala ndi kokongola. Ba Mubanga ankakukokera kumbuyo, n'kuloza kabokosi kachitsulo kamene chingwe cha magetsi chimalowamo. Pawa saplayi. Ndiko kamalandira magetsi a pakhoma n'kugawira ziwalo zonse za makina, chilichonse muyezo wake.

"Uyu ndiye mutima," ankatero ba Mubanga, amene magetsi ankawatchula kuti malaiti. "Kochipa kamapya monga mbaula, kamalira monga chigayo. Kupya na kulira ni malaiti yamene yathawa nchito. Aka kanga, pa malaiti teni, naini yasebenza."

M'kabokosimo munali fani yoziziritsa, koma inali fani yaulemu. Pa ntchito zopepuka inkangokhala phee, osagwedezeka n'komwe. Inkadzuka pokhapokha makina akasenza katundu wolemera, ndipo ngakhale pamenepo inkapuma ngati khanda. Kabokosi kabwino koposa kanali m'makina awoawo, ndipo anakatcha ba Sisita, poti kankagwira ntchito osadandaula.

Khomo loyandikana ndi shopu yawo linali la Lyford, wa ku Katete kum'mawa, wojambula mavidiyo a maukwati, pomwe ba Mubanga anali Mubemba. Mukudziwa kale za Mubemba ndi munthu wa kum'mawa: ndi chimbuya, amatchulana mbuya. Amatukwanana kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, palibe wopita nazo kubwalo, ndipo wina akamwalira mnzakeyo ndiye amayendetsa maliro ndi nthabwala. Awiriwa chimbuya chawo chinali cha digiri.

"Mwauka shani, bakudya anyani?" ankayamba Lyford.

"Bwino, bakudya mbeba. Chepetsani mawu, mukudzutsa fumbi."

Vuto linayamba Lyford atagula kompyuta kwa ba Mubanga. Anafika nayo pakhomo pake, n'kudina batani, n'kutchera khutu. Zii. Iye anakulira kumene chinthu chamoyo chimalira: chigayo, thirakitala, wailesi, apongozi. Anasuzumira pa fani, yaima. Sanayang'anenso n'kutsogolo komwe, kumene anali asanalumikize chingwe cha sikirini. Anaikweza pa wilibala n'kuizungulitsa msika wonse kuti aliyense aone, ngakhale shopu ya ba Mubanga inali mapazi asanu okha.

"Mwanigulitsa mtembo! Bwerani muone, Mubemba anigulitsa mtembo!"

Anthu anadzaza. Ba Mubanga analumikiza chingwe chimodzi mosapupuluma, sikirini n'kuwala ngati m'bandakucha.

"Mbuya," anatero mwakachetechete, "ku Katete chinthu chikakhala chete mumachilira maliro? Nanga mbeba mumazipeza bwanji? Zimakuimbirani?"

Msika unaseka mpaka tomato anagubuduka pa matebulo. Kwa mwezi wathunthu Lyford ankatchedwa Wamaliro. Iye ankaseka nawo, koma mumtima ankasunga.

Mpata unapezeka Lachinayi lina masana, ba Mubanga atapita kukalandira katundu pa siteji ya maminibasi, n'kumusiyira Lyford shopu. Kutsidya kwa msewu ba Ednah a pa lesitilanti ankasosola nkhanga. Lyford anatolako nthenga imodzi yolimba, anapendeketsa makina a ba Mubanga, n'kuilowetsa pa timabowo ta kunsi kwa ba Sisita, nsonga yake itangokhudza fani. Ankadziwa kuti mwini wake sangatsegule kabokosiko. Limenelo linali lamulo lawo loyamba: pawa saplayi satsegula, imasunga magetsi ngakhale utazula chingwe, imaluma ngati njoka yodulidwa mutu.

Kenako anatiuza ife a pa benchi ya pakhonde, ine, ba Ednah ndi Kondani wowotcherera zitsulo, kuti phokoso likayamba tinene kuti sitikumva kanthu. Tinavomera tonse, ndipo palibe anachita kutikakamiza.

Madzulo ba Mubanga anayamba ulaliki wawo wa tsiku ndi tsiku. Anasenzetsa makina pulani ya nyumba ya nsanjika zitatu, ikuzungulira ndi mitengo yake yomwe. "Manje mverani," anatero, chala chili m'mwamba. "Simuzamva kanthu."

Te-te-te-te-te.

Chala chija chinatsika pang'onopang'ono.

"Mwamva?"

"Chani?" anatero Lyford, nkhope ngati ya pa chitupa.

"Ako ka te-te-te."

"Ine sinikumva kanthu, mbuya. Ba Ednah?"

"Kuli zii monga mu tchalichi Lolemba," anatero ba Ednah.

Ba Mubanga anatseka pulani ija, fani n'kuima, phokoso n'kutha. Anaitsegulanso. Te-te-te. Anatuluka panja n'kugwira kondakitala wa minibasi pa malaya kuti adzamvere, koma uthenga unali utawatsogolera. Kondakitala analumbira pa dzina la agogo ake kuti sakumva. Pofika Loweruka, Silverest yonse inali itagontha.

Masiku oyambawo tinasekadi. Ba Mubanga anasintha zingwe zonse, anasuntha tebulo kanayi, anathamangitsa buluzi wosalakwa amene anakhala pa denga lawo zaka zitatu. Anapita kukafunsa mwini chigayo cha ku Chongwe ngati wasintha lamba, poti mwina phokosolo likuchokera kumeneko kudzera m'nthaka. Chokhacho chimene sanachikayikire ndi ba Sisita. Komanso Lyford.

Sabata yachitatu Lyford anawapeza atakhala okha, makina atazima, akudzimenya pang'onopang'ono kuseri kwa khutu ngati munthu wokonza wailesi yakale.

"Mbuya, niuzeni zoona," anatero ba Mubanga osatukwana, zimene zinali zisanachitikepo. "Simukumva olo pang'ono?"

Mawu anafika pakhosi pa Lyford. Koma pakhonde Kondani anali akusuzumira, ataluma mlomo kuti asaseke, ndipo nthabwala ikakoma imavuta kuilavula.

"Olo pang'ono," anayankha.

Ba Mubanga anangogwedeza mutu. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kuika khutu pa makina a anthu. Wina akabwera ndi kompyuta yolira, ankati apite nayo ku tauni, kuli anyamata a makutu atsopano. Sanatitontholetsenso pa benchi. Tambala uja anayesa kulira kamodzi, n'kudikira, ndipo palibe anatuluka.

Lyford anati mawa achotsa nthengayo. Mawa lake anati Loweruka, pamaso pa anthu, kuti onse aseke bwino ndi mwini wake yemwe. Lachisanu anaitanidwa kukajambula ukwati ku Katete, n'kukhalako masabata awiri. Foni ya ba Ednah inamupeza ali pa basi yobwerera: ba Mubanga agwa m'dimba kwawo ku Kanakantapa, kuthamanga kwa magazi, sanadzukenso. Achipatala sanatchule makutu. Lyford anafunsa kawiri.

Pa maliro, anthu a kum'mawa anagwira ntchito yawo ya chimbuya. Anaphika, anakumba manda, anathamangitsa abale a malemu ndi paudala mpaka amalume ena anayera ngati thumba la ufa. Botolo lalikulu la paudala analisungira Lyford, poti ndiye mbuya wamkulu, ndipo aliyense ankadikira kuti anyoze mnzake komaliza. Iye anaima pafupi ndi bokosi, botolo lili m'manja.

"Ba Lyford, mwakhala monga mulendo?" anakuwa mayi wina. "Munyozeni, azayenda bwanji osatukwanidwa?"

"Ba Mubanga," anayamba, "imwe bakudya..." Mawu anathera pomwepo. Anthu anati taonani chikondi. Ife a pa benchi tinayang'ana nsapato zathu.

Patapita masabata atatu ba Dailes anatsegula shopu kuti aone za katundu, n'kuitana Lyford.

"Aya mashini yabo banakamba kale ati yakakhale yanu," anatero. "Ati ndimwe mweka mungayasunge bwino."

Lyford anapendeketsa makinawo, n'kulowetsa zala kunsi, n'kusolola nthenga ija, nsonga yake itaperepeseka. Anaiika pa tebulo, n'kufotokoza zonse, kuyambira pa wilibala mpaka pa kondakitala. Sanatchule mayina athu, ngakhale tinali pakhonde pomwepo tikumva.

Ba Dailes anaiyang'ana nthengayo.

"Banayenda ku kiliniki kawiri," anatero. "Konse banauzidwa ati makutu yali bwino. Banabwera ku nyumba, ati, 'Dailes, manesi bangalakwitse. Koma Lyford pa nkhani ya mashini sanganinamize. Pa zina zonse ni wabodza, koma pa mashini iyayi.'"

"Mulamu, nikhululukireni."

"Ine simunaninamize. Bamene banakufunsani funso mukudziwa kwamene bagona. Kayankheni."

M'mawa mwake Lyford anakwera minibasi ya ku Kanakantapa, n'kutsika pa mphambano, n'kuyenda wapansi pakati pa minda ya chimanga, fumbi mpaka m'mawondo. Anafika dzuwa lili pamutu. Nkhata za maluwa zinali zitayamba kuuma. Anavula kapusi, n'kugwada kumutu kwa manda, pafupi kwambiri, monga munthu wolankhula m'khutu la mnzake.

"Mbuya, ninamva," anatero. "Tonse tinamva. Makutu yanu yanali bwino kupambana yathu tonse."

Anakhala pamenepo mpaka mawondo anachita dzanzi. Akuti anadikira kutukwanidwa.

Lero Silverest yakula, ndipo ikulira mbali zonse: majenereta, makina odulira matailosi, mabala atatu opikisana nyimbo. Kompyuta ikavuta, anthu amapita nayo ku tauni n'kubwera nayo ikubangula ngati ndege, iwo n'kumati ndiye mphamvu zimenezo. Palibe wotuluka pakhomo chala chili pamlomo. Pa benchi timakhalabe, koma nkhani zimatha msanga, ndipo Kondani akafuna kuseka amayamba wayang'ana chitseko chotseka cha shopu ya ba Mubanga.

Makina aja ali kwa Lyford. Amakonzera mavidiyo tsiku lonse, akwati akuvina, fani ikuzungulira osamveka ngakhale pang'ono, monga mwini wake ankanenera. Lyford amati vuto lake ndi lomwelo. M'chipinda mukakhala chete chotero, munthu umadzimva wekha, ndipo iye akanakonda kabokosi kaja kakanamalirako pang'ono.