Khungu Langa la Milungu Itatu

Mukandiona ndikuyenda wapansi pamsewu wa ku Manjawira, fumbi lili mbuu m'nsapato, musandifunse komwe kunapita njinga yanga yamoto. Ilipo, ikuyenda bwinobwino, kungoti wokwerapo ndi wina. Nkhaniyi ndaibisa mokwanira, lero ndingoulula.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale, ndipo mayeso a pasukulu pathu ndimataipa ndine. Chaka chatha ndinagula laputopu kwa mkulu wina wogulitsa zamagetsi ku Lizulu. Mkuluyo anandionetsa chithunzi cha tambala pagalasi lake, ine n'kuona nthenga iliyonse payokhapayokha.

"Aphunzitsi, galasi ili ndi lomaliza," anatero. "Ntcheu yonseyi mukhala nalo ndinu nokha."

Mawu amenewo ndi omwe anandipweteketsa. Nditafika kunyumba ndinakhazikitsa lamulo loti wina aliyense asaikhudze, asaisuzumirenso. (Akazi anga anangoti "chabwino", chabwino wawo uja wotanthauza kuti tionana kutsogolo.)

Nditayamba kutaipa mayeso, ndinadabwa. Zilembo zinali zing'onozing'ono ngati nyerere zili pamzere. Ndinasendera pafupi. Ndinatsinzina diso limodzi. Ndinasenderanso mpaka mphuno kugunda galasi. Pofika masana mutu unali ukuwawa, maso ali psuu, ndipo ndikadzutsa nkhope ngakhale mtengo wa mango panja unkaoneka mwachimbuuzi.

Munthu wanzeru akanaikayikira laputopuyo. Koma ine ndikanaikayikira bwanji, nditalengeza kale kwa aphunzitsi anzanga onse kuti galasi lake ndi lomaliza? Ngati galasi lili bwino, ndiye kuti olakwa ndi maso. Apa ndinakumbukira kuti malemu bambo anga anachita khungu, ndipo zinayamba chimodzimodzi: timalemba ta m'Baibulo ndi tomwe tinayamba kuwathawa. Ndinachita mantha enieni, osati achibwana. Mphunzitsi wosaona alemba bwanji pabolodi? Nanga ana anga atatu adya chiyani?

Ndinavutika chamumtima kwa milungu itatu. Kenako ndinati mwamuna amakonza pakhomo pake kukanawala. Loweruka lina ndinaitana malume anga kuti akhale mboni, ndinaitananso alamu anga a Fanuelo, mlongo wawo wa akazi anga.

"Malume, maso anga akupita ngati a bambo aja," ndinatero. "Njinga ija ndisanaphe nayo munthu pamsewu, ndaipereka kwa alamu angawa. Azinyamulira mbatata, azikumbukirako ana anga."

A Fanuelo analira kuposa tonse. (Makiyi okha analandira ndi manja awiri, mwachangu ndithu.)

"Waganiza bwino, mphwanga?" anafunsa malume. "Chopereka pamaso pa mboni sichibwerera."

"Ndaganiza, malume."

Alendo atachoka, akazi anga ananditembenukira.

"Bambo a Tadala, khungu lanji loona nthuli yaikulu m'mbale? Lolemba tikupita kuchipatala."

Tinapitadi ku Boma, pa minibasi, popeza njinga inali itapita kale. Woyeza maso anali mayi wachikulire wovala magalasi. Anandiimika patali n'kuloza chipepala cha zilembo chili pakhoma. Ndinawerenga mzere woyamba, wachiwiri, mpaka wotsiriza uja wa tizilembo tochepetsetsa.

"Bambo, maso anu ndi akuthwa kuposa anga," anatero. "Chomwe simukuona n'chiyani kwenikweni?"

Ndinatulutsa laputopu m'chikwama. (Ndinkayenda nayo paliponse, kuopa kuti ana angaikhudze.) Mayiwo anawerama, anakonza magalasi, anawavula, kenako anaphulika kuseka.

"Izi angawerenge ndi mphamba yekha! Galasi lotereli limapanikiza timadontho tambirimbiri pamalo ochepa, ndiye zilembo zimafinyika. Mumangoiuza kuti izikulitse. Kunyumba palibe anakuuzani?"

"Saloleza munthu kusuzumira," anayankha akazi anga mokoma mtima kwambiri.

Mayiwo anadina kawiri katatu. Zilembo zija zinafufuma, zonenepa, zakuda bii, zooneka ngakhale utaima pakhomo. Abale inu, chimwemwe chomwe ndinamva sindingachifotokoze. Ndinawerenga mokweza mayeso onse a Sitandade 6, kuyambira funso loyamba mpaka lomaliza, misozi ikutsika, odwala anzanga pamzere akusuzumira pazenera. Ntchito yanga inali itabwerera, ndipo nkhope za ana anga ndidzaziona akukula.

Mawa lake ndinalawirira kwa alamu. Ndinawapeza akupukuta njinga ndi kansalu.

"Alamu, ndachira!"

"Ambuye alemekezeke!" anatero, n'kundikumbatira.

"Ndiye njinga ija..."

"Aa, alamu, matenda a maso ndi achinyengo. Lero muona, mawa ayi. Tiyeni tiyambe taona chaka chino mmene chithere."

Ndinathamangira kwa malume kukadandaula. Anamvetsera modekha mpaka ndinamaliza.

"Mphwanga, ndinakufunsa," anatero, n'kupitiriza kusenda chimanga.

Lamulo lija ndinalichotsa, tsopano laputopu aisuzumira aliyense wofuna. Ndimathokozabe tsiku ndi tsiku, chifukwa maso anga ndi akuthwadi monga ananenera mayi aja. Alamu akamabwera ndi matumba a mbatata, ine ndili wapansi m'mbali mwa msewu, nambala ya njinga yanga ndimaiwerenga ikadali kutali.