Musi wa Apongozi pa Ndime Yotsiriza ya Besibo

Amene akuti ku Kasungu kuno sikunaseweredwepo besibo atuluke pamzerewu adzandiyang'ane kumaso, malo ake ndimusungira. Inu a chipewa chofiira, ndakumvani mukuseka pamene ndimati phewa langali linatha ndi masewero. Sekani ndithu. Feteleza sanafike, mlonda akuti lole ikadali m'njira, ndiye nthawi yoti ndikuuzeni ilipo, ndipo ndikanama mphenzi indipeze pompano kuponi ili m'thumba.

Ine ndine Jelemiya Nyirenda. Kwathu ndi ku Simlemba, koma ndinakwatira ku Njombwa, chikamwini. Amene munakhalapo pachikamwini mukudziwa: munda ngwa eni, nkhokwe nja eni, ngakhale tambala wolira pakhomo pako salirira iwe. Makuponi atayamba kubwera, ya pakhomo pathu inkatuluka m'dzina la apongozi anga aakazi, iwo n'kumagawira ana awo thumbalo ndi mbale, ine mkamwini kulandira wongowaza ngati mchere wa m'ndiwo. Chonsecho ku Simlemba munda wa malemu bambo unangogona, tsekera yekhayekha. Ndinapita kwa amalume a akazi anga kukapempha chitengwa, kuti nditenge banja langa tizikakhala kwathu. Iwo anangoti, "Mwana wathuyu mukamudyetsa chiyani kumeneko? Tioneni kaye ndi feteleza wanuwanu, wosachokera m'mbale ya apongozi anu, ndiye tidzakambirana." Nkhani inathera pomwepo, ndipo inandiwawa.

Chaka chimenecho n'chimene kunabwera mzungu wina wa ku Amereka wogula fodya, munthu wosungulumwa, amene ankati mpira wamiyendo ndi wa anthu oiwala kuti ali ndi manja. Ndiye anatiphunzitsa besibo. Masewero ake ndi osavuta. Wina akuponyera kampira kolimba ngati mwala, iwe umenya ndi chibonga n'kuliyatsa liwiro kuzungulira bwalo, ukuponda matumba atatu a mchenga limodzi ndi limodzi, mpaka kubwerera pathumba lachinayi pamene unayambira. Ukafika, chimenecho n'chigoli. Akauwakha mpira m'mwamba, wafa. Ukachoka pamzere wa phulusa wolumikiza matumbawo, wafanso, ndipo lamulo limeneli oyimbira athu, a Zakeyu akatekisiti, ankaligwira ngati la m'buku la Mose. Mzungu uja anakhazikitsa ligi yeniyeni, chigawo chakumpoto ndi chigawo chakumwera, ndipo sitinkasewera zaulere ayi, tinali akatswiri olipidwa, sopo ndi shuga mwezi ndi mwezi, usipa tikapambana. Koma chimene chinandikoka ine chinali mphoto ya kumapeto kwa chaka: wosewera woposa onse adzalandira feteleza wodzaza ngolo.

Vuto langa linali chibonga. Cha mzungu ndinachithyola tsiku loyamba, cha m'bawa chinaphulika, nsanamira ya chigafa inasanduka zotokosera m'mano, mpaka akazi anga anandibwereka musi wa amayi awo, wa muwanga, umene unasinja chimanga cha njala zonse za m'dziko muno osang'aluka. Umenewo ndiye unandikwana. Mukumva? Nditaumenya mpira koyamba ndi musi umenewo unadutsa pakati pa zigafa za pa esiteti ina, mphepo yake n'kuumitsa fodya yense wamuwisi nthawi yomweyo, mwini esiteti n'kutumiza anthu kudzandipempha kuti ndizikamenyera chakumeneko sabata ndi sabata, atenanti n'kuyamba kundida chifukwa ntchito yodindira mabelo pa jeke, makina opanikizira fodya, inawachulukira, mpaka ogula ku okushoni anadabwa kuti fodya wouma ndi mphepo ya mpira akununkhira bwino chotere bwanji.

Kuthamanga ndiye musanene. Tsiku lina ndinazungulira matumba onse n'kukhala pansi kumwa thobwa, chithunzithunzi changa chikadali pathumba lachiwiri, adani n'kuchigunda ndi mpira n'kumati ndafa, a Zakeyu n'kuweruza kuti chithunzithunzi sichinalembetse m'timu.

Pofika mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nazale za fodya zitabiriwira kumadambo, chigawo chakumwera chinatsala pakati pa ife a ku Njombwa ndi timu ya aphunzitsi ndi azachipatala a pa boma. Anthu aja ankadya mazira m'mawa ndipo anali ndi nsapato. Iwo akapambana, ifenso tipambana, iwo akagwa, ifenso woponya wathu wadwala malungo, khosi ndi khosi, moti amayi kumjigo anasiya miseche n'kumakambirana za ligi. Pamasewero otsekera chigawo, aphunzitsi anaika anthu awo kutali, wina pa chulu, wina m'mtengo wa mango, wina anamutumiza panjinga mpaka kumsewu waukulu kuti akadikirire mpira wanga kumeneko. Ine ndinangoumenya chopendeketsa, unalowera kumadzulo, kudutsa m'nkhalango ya nyama, njovu n'kuwerama, kuwoloka malire a Zambia wopanda chiphaso, apolisi a kumeneko n'kuutsekera m'chitokosi, ndipo unabwerako patapita nthawi utawonda, uli ndi chidindo pamsana. Mukumva? Chigawo tinatenga ife, aphunzitsi anabwerera kukalemba pabolodi.

Za masewero a chipulula sinditaya nazo malovu. Tinapulula aliyense. Kunatsala ndime yotsiriza, ife ndi akatswiri akumpoto, a ku Kaluluma, ndipo aliyense ankadziwa kuti ngolo ya feteleza ili pakati pa anthu awiri, ine ndi woponya wawo, Chirwa, amene ankamutcha Mphenzi. Munthu ameneyo akaponya mpira unkayamba wafika, phokoso lake n'kumabwera pambuyo, ndipo wowakha wake ankavala chikopa cha ng'ombe m'manja koma chinkapsa ndithu, bwalo lonse kumanunkha kanyenya.

Masewerowo anachitikira kwathu ku Njombwa, pabwalo limene tinalambula kuseri kwa mudzi. Apa mumvetsetse. Polambula bwalolo, mzere wochokera pathumba lachitatu kupita palachinayi tinaulondoletsa m'kanjira ka m'mudzi, chifukwa ndi pokhapo panali powongoka, popanda zitsa. Palibe anaganizapo kanthu.

Anthu anabwera ngati kumaliro a munthu wachuma. Ena pa ngolo, ena pa njinga, a ku Kaluluma pa thirakitala akuimba m'Chitumbuka. Ngolo ya mphoto inaima pansi pa mtengo, matumba oyera ali mbuu, ine n'kumaiyang'ana ngati mwana woyang'ana mandasi. Ndinali nditauza kale akazi anga kuti ayambe kumanga ziwiya.

Tinasewera mpaka dzuwa kupendeka, zigoli zili zofanana, ndipo mwayi wotsiriza unagwera ine: ndikagoletsa chikho n'chathu ngolo n'njanga, ndikafa tibwerezenso kuponya, ndipo woponya wathu anali atatheratu, dzanja likulendewera. Mphenzi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Adada a Nyirenda, lero muwelerenge na musi winu kukapula." M'Chitumbuka chakecho ankati ndibwerera ndi musi wanga kukasinja. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, nanga ine wokhala ndi apongozi bwalo limodzi ndingaope kampira?

Woyamba anauponya sindinauone, ndinangomva ndevu zikununkha. Wachiwiri unakhota katatu m'njira, kuima pang'ono ngati ukufunsa njira, kenako n'kundidutsa m'khwapa. Wachitatu ndinatseka maso, ndinakumbukira mbale ija ya feteleza, ndinakumbukira tsekera wa m'munda wa bambo, ndipo ndinaumenya ndi mkwiyo wonse wa pachikamwini, moti kulira kwake kunagwetsa mango osapsa m'midzi yoyandikana, nkhuku zinaikira mazira zili chiimire, chikumba cha mpirawo chinasendeka n'kugwera pamutu pa mzungu ngati kapusi, mtima wake wokha n'kukwera, kupyola akabawi, kubowola mtambo umodzi wokhawo umene unalipo, mvula n'kutsika pabowo pomwepo ngati pampopi n'kuthirira nazale ya mkulu wina wa mpingo osanyowetsa ya mnansi wake, ndipo mpirawo unapitirirabe kukwera mpaka unasanduka kadontho, kadonthoko n'kuzimirira. Mukumva? A ku Kaluluma anangoima makosi ali m'mwamba, manja ali tambasu, kudikira chinthu chosabwera.

Ine ndinaponya musi pansi n'kuyamba ulendo. Sindinathamange n'komwe, panalibe chothamangira. Thumba loyamba ndinaponda, lachiwiri ndinaponda ndikugwedeza dzanja kwa anthu, lachitatu ndinaponda ndikuganiza zoti ng'ombe zokokera ngolo mpaka ku Simlemba ndikabwereka kwa yani. Nditakhota kuti ndilunjike thumba lotsiriza, ndinaona msana wa munthu patsogolo panga, pamzere penipeni pa phulusa, chitenje chabuluu, mpango kumutu, akuyenda pang'onopang'ono ngati mwini njira.

Anali apongozi anga.

Iwo za ligi sankazidziwa ndipo sankazifuna. Anali ndi mphale yonyika imene inayenera kusinjidwa tsiku limenelo, anafunafuna musi wawo m'nyumba monse, mwana wawo n'kuwauza kumene uli, ndiye anangotsata kanjira kawo ka masiku onse kudzautenga. Atamva mapazi kumbuyo anacheuka. Maso athu anatsala pang'ono kukumana.

Tsono inu nonse pano ndinu ana a anthu, munalangizidwa. Mkamwini akakumana ndi apongozi ake aakazi panjira amatani? Amawadutsa mophulika ngati galu? Amawakhudza phewa n'kuti pepani ndikudutseni? Miyendo yanga sinandifunse. Ndinapezeka ndapatukira kudzanja lamanja, m'thengo, ndanjuta kuseri kwa chitsamba, chipewa m'manja, nkhope ndalozetsa kwina. Iwonso anapatukira kumanzere, n'kugwada mu udzu, kufunda mpango kumaso. Ine kudikira kuti iwo adutse, iwo kudikira kuti ine ndidutse. Khamu lonse likukuwa kuti thamanga, anzanga akugubuduka m'fumbi, mzungu akudzizula tsitsi, thumba lachinayi lili apo poti ndikanatha kulilavulira, koma pakati pa ine ndi ilo panali ulemu.

A Zakeyu anabwera osafulumira, anayang'ana mzere wa phulusa, anayang'ana pamene ndinanjuta, anakweza dzanja. "A Nyirenda, mwachita bwino monga mkamwini. Koma mwafa." Iwonso anali pachikamwini, ndipo ndinaona kuti chinawakhudza.

Zotsatira zake n'zosafunika kuzikometsa. A ku Kaluluma anamenya mipira ya woponya wathu wotopa uja ngati akupuntha mapira, chikho chinakwera thirakitala. Pamwambo wa mphoto, woponya woposa onse anali Mphenzi, wosewera woposa onse analinso Mphenzi, ngolo ija inalowera kumpoto ine ndikuiona, inadutsanso njira ya ku Simlemba komweko. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Mzungu anandifunsa chimene chinandichotsa pamzere, ndinamufotokozera bwinobwino, iye anangoyang'ana kumwamba nthawi yaitali, ndipo chaka chotsatira sanabwerenso. Ligi inathera pomwepo, n'chifukwa chake inu a chipewa chofiira simunaimvepo.

Komabe ndinali ndi kachiyembekezo. Ndinati anthu aona okha chimene ndataya chifukwa cha ulemu, mwina amalume aja afewa mtima, chitengwa chitheka ngakhale popanda ngolo. M'mawa mwake akazi anga anabwera kuchokera kwa amayi awo, musi uli paphewa, anakhala pansi n'kuyamba kumasula ziwiya zimene anamanga zija.

"Amayi akuti zikomo," anatero. "Akuti akamwini a masiku ano akanangowagunda n'kudutsa. Auza amalume kuti mkamwini waulemu chonchi sapezekapezeka, ndiye asayerekeze kumulola kuti achoke pamudzi pano."

Ndikanena kuti sizinandipweteke ndiye kuti ndayamba kunama, ndipo ine sindinama.

Mpaka lero ndili ku Njombwa. Munda wa ku Simlemba akulima ana a mng'ono wanga. Apongozi akadali moyo, akuyenda ndi ndodo, ndipo tikakumana panjira timapatukabe, ngakhale kuti tsopano kunjuta kumandivuta mawondo. Kuponi ili m'thumba mwangayi ndi yawo, andituma kudzaima pamzere chifukwa akuti mwa akamwini awo onse wodalirika ndine.

Koma musandimvere chisoni, ndipo inu lekani kuseka. Mpira uja palibe anauwakha, palibe anautola, sunagwe mpaka lero, ndipo mukatchera khutu masana a Okutobala kukakhala bata mumaumva ukulira chapamwamba pa phiri la Kasungu. Ine ndimati masewero amene mpira wake udakali m'mwamba sanathe, kaya a Zakeyu anakweza dzanja kaya sanakweze. Matumba atatu ndinaponda anthu akuona, latsala limodzi. Tsiku limene udzagwe ndidzapita pabwalo paja, ngakhale pano analimapo fodya, ndidzamaliza mzere wanga, ndipo Mphenzi adzabweza ngolo yanga.

Ndidzangoyamba ndatuma munthu kukaona ngati apongozi ali pakhomo.