Ng'ombe Zanga Siziwerengedwa, Bambo Pulofesa

Kwa Wolemekezeka Bambo Pulofesa,
Mkulu wa Nthambi ya Masamu,
pa yunivesite ija ili kumtunda kozizira.

Bambo wanga wophunzira,

Ndagwada, ngakhale mawondo anga sanazolowere. Ine ndine Jatani Halake, woyang'anira chitsime chathu kuno ku Dubuluk kwa zaka makumi atatu. Kusukulu ndinalowako kamodzi kokha, pothawa mvula tsiku lobayitsa ng'ombe katemera. Choncho ine ndikuyankhula, akulemba ndi Dida wogulitsa mankhwala a ziweto. Mukapeza chilembo chopotoka, ndi Dida. Mukapeza mawu olasa, ndine. Wandipempha kawiri kuti ndifewetseko, ndipo kawiri konse ndamukumbutsa kuti ntchito yake ndi kugwira cholembera.

Nkhani ndi ya mdzukulu wanga Talaso, mwana wamkazi wa mkamwini wanga malemu Boru, amene akuphunzira zaumisiri wa madzi kwanuko. Mwamulepheretsa chifukwa choperewera malikisi awiri pa phunziro lanu la difarenshiyo ikweshoni, ndipo pepala lomwe mwamupatsa likuti akhale kunyumba chaka chathunthu, adzabwereze. Malikisi awiri, Bambo. Ngakhale mbuzi yopunduka imadumpha mpanda wotalika chotero.

Atabwera patchuthi ndinamufunsa kuti phunziro la dzina lotsamwitsali ndi lotani. Iye anati, "Agogo, ukadziwa liwiro lomwe chinthu chikusinthira, ndi pomwe chinayambira, utha kunena pomwe chidzakhale mawa." Ine ndinati, "Ndiye kuti mukuphunzira ntchito yanga, kungoti inu mumaigwira mutakhala pampando." Ine ndikasuzumira m'chitsime m'mawa ndimadziwa kuti amwetsa mabanja angati matope asanaoneke, ndiponso kuti chipume mpaka liti kuti madzi abwerere. Sindinadziwe kuti zimenezi zili ndi satifiketi.

Tsono loleni munthu wosaphunzira athokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha thanki yanu. Talaso anandiwerengera funso lake: madzi akulowa pamwamba, ena akutuluka pabowo la pansi, ndiye ana anene kuti itha nthawi yanji. Ana makumi asanu ndi atatu, a manja awiriawiri, onse kuwerama n'kumalemba, popanda ndi mmodzi yemwe wodzuka kukatseka bowolo. Kuno munthu akaona chomwera ng'ombe chikudontha iye n'kukhala pansi kuti aganize, ng'ombe zake zimamwa pomalizira mwezi wonse. Kwanuko ndamva amamupatsa mkanjo ndi chisoti.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha kapu ya khofi yomwe inasiyidwa patebulo kuti ana apeze mphindi yomwe izizire. Mkazi wanga Darmi atamva anafunsa chimodzi chokha: "Mayi amene anakazinga khofiyo anawalakwira chiyani?" Yankho lake akulidikirabe. Mwina inu muli nalo.

Chachitatu, ndipo apa ndiye mtima wanga wasefukira, zikomo chifukwa cha ng'ombe zanu zosafa. M'buku lanu akuti khola limakula malinga ndi kukula kwake: zikachuluka zimaswana kwambiri, zikaswana zimachuluka, mpaka kalekale. Mulibe chilala, mulibe fisi, mulibe nkhupakupa, mulibe mlamu wokwatira wofuna za malowolo. Talaso anayesa kuwerengera khola la munthu wongopeka kuyambira nthawi ya bambo anga, ndipo zinatuluka ng'ombe zoti kuima kwake zikanafika ku Kenya michira ili ku Yabelo, tauni yathu ya kumpoto kuno. Ngati ng'ombe zotere mukuzisunga kuseri kwa ofesi yanu, titumizireniko nkhunzi imodzi.

Chachinayi ndi chomwe chandiyendetsa mtunda wonsewu kudzakhala pa benchi ya Dida. Mphunzitsi wanu wachinyamata, pofuna kuti masamu anunkhe kwawo kwa ana, anawapatsa ntchito ya malikisi khumi. Anati aliyense afunse kwawo kuti ziweto zilipo zingati, nambalayo ikhale poyambira, kenako awerengere zaka khumi zakutsogolo. Maganizo abwino, ochokera kwa munthu amene ng'ombe amaidziwira m'mbale.

Talaso anandiimbira foni. Anati, "Agogo, ng'ombe zathu zilipo zingati?" Ndinati, "Zilipo." Anati, "Ndikufuna nambala, agogo, ndi za kusukulu." Ndinati, "Iwe mwana wa Boru, kuzizira kwa kumeneko kwakuumitsa mutu? Unayamba wamva ndani akutchula nambala ya khola lake?" Anati, "Ndinadziwa kuti mutero, nkhalamba youma ngati chikopa." Tinaseka, foni n'kuduka.

Bambo Pulofesa, kuno ng'ombe sitiwerenga. Timazidziwa. Ndimadziwa yofiira ya nyanga imodzi, mwana wake wamawanga, ndi mdzukulu wake wokonda kukankha anzake pomwera. Ikasowa imodzi ndimaona ndisanafike pachipata, monga inu mungaonere kuti patebulo pakusowa mwana. Kodi inu mumawerenga ana anu madzulo alionse? Wotchula nambala ya khola amaitanira imfa, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma, koma chimamva chikaitanidwa. Mukhoza kuseka. Bambo anga sanawerengepo, ndipo anamwalira akumwa mkaka.

Mwanayo, poti ndi magazi anga, sananame. Anagwira ntchito yonse, mzere ndi mzere, ndipo mphunzitsi wanu yemwe anavomera kuti panalibe polakwika. Koma pamalo pa nambala anasiyapo chilembo chija chopindika ngati nyanga, chomwe Dida akuti ndi C, n'kulemba pansi pake kuti mwini khola sananene. Mphunzitsi anazunguliza nyangayo ndi inki yofiira, n'kulemba kuti popanda poyambira palibe yankho, n'kumudula malikisi asanu.

Chachisanu, zikomo chifukwa chotiphunzitsa mtengo wa bodza. Mnzake wa Talaso wogona naye chipinda chimodzi, mwana wa m'tauni amene kwawo chiweto ndi mphaka, analemba kuti bambo ake ali ndi ng'ombe mazana asanu. Anapeza khumi pa khumi. Ndikupempha mundipatse dzina la bambo ameneyu, ndikufuna ndikamufunse kumene amamwetsa.

Mwina mukuti chaka chimodzi n'chiyani. Ndikuuzeni. Boru atamwalira, abale ake anafuna kuti mtsikanayu akwatiwe. Ndinaima ndekha pansi pa mtengo wa msonkhano n'kunena kuti ameneyu adzapita kukaphunzira za madzi, adzabwere kudzatiuza chifukwa chake zitsime zikuzama chaka ndi chaka. Anandiseka. Bambo ake aang'ono, Wario, anati, "Mdala, sukulu simunaione n'komwe, mukuitumizira mwana ngati mukudziwa njira yake." Tsopano Wario wamva za malikisi awiri aja, ndipo anthu ena abwera kale kwake ndi khofi wofunsira mbeta. Iye walandira. Mtsikana akakhala pakhomo chaka chathunthu, mvula ikubwerayi idzamupeza ali kwa eni ake, ndipo thanki yanu idzatsala ikudontha popanda woitseka. Ine mawu anga pamsonkhano ndinawawononga kale pa iye, achiwiri ndilibe.

Darmi akuti wolakwa ndine. Akuti, "Ukanangonong'ona nambalayo, Mulungu anali kotanganidwa ndi zina." Dida nayenso wagwedeza mutu movomereza, ngati kuti wafunsidwa. Ine sindikutsutsa kuti pakamwa panatsekedwa ndi panga. Ndikungodabwa kuti pakamwa potseka n'panga, koma chilango mwapatsa mwana amene anachita masamu onse molondola.

Tsono pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wamng'ono ngati ine. Nambala sinditchula, lero kapena mawa. Koma palibe mwambo woletsa mlendo kuwerenga chamumtima. Bwerani ku Dubuluk mwezi uno usanathe. Ng'ombe zanga zimamwa tsiku lachitatu lililonse. Poti pachitsime palibe woonerera, tidzakuikani pamzere wa amuna otsika m'dzenje, muzilandira chidebe kuchokera pansi n'kupatsira wapamwamba, mukuimba nawo kuti manja asasemphane. Mukatero mudzamva m'mapewa mwanu liwiro lomwe madzi amasinthira. Zanga zikamatsika kudzamwa ndidzakukodolani. Muwerenge milomo ili chitsekere, mulembe nokha pamalo pa nyanga ija, mubwezere mwanayo malikisi ake, abwerere m'kalasi Wario asanagule mkanjo waukwati.

Musavutike kunyamula makina owerengera. Chilala cha chaka chatha chinakupeputsirani kale ntchito, chija mulibe m'buku lanu. Simudzafunika n'kuvula nsapato komwe kuti muonjezere zala za kumapazi.

Ndine kapolo wanu wosadziwa kanthu, amene chala chake chadindidwa pansipa,

Jatani Halake,
woyang'anira chitsime, agogo ake a Talaso.