Chiliza cha a Zuze M'njira ya Madzi

Usiku watha ndinalota, anzanga, ndipo ndadzuka wotopa kuposa mmene ndinagonera. Tatulani kaye zidebezo, mjigo suthawa.

Mukudziwa kuti chisamukire kuno kumtunda, malemu amuna anga a Zuze anatsala kumunsi, kumanda a m'mbali mwa mtsinje. Chigumula cha chaka chatha chinasalaza mitumbira yonse, moti chondisonyeza pamene agona ndi kapu yawo ya tiyi yokha, imene ndinaimangirira pachikhomo ndi waya. Ndiye m'malotomo ndikupita kukawamangira chiliza mvula isanagwe, thumba la simenti lili pamutu. Ndikufika, kapu ija n'kundilonjera.

"Mwachedwa, mayi a Dolika. Ine dzimbiri landimaliza. Madzi akabweranso ndikupita nawo ku Zambezi, inu muzidzalira pamanda a eni ake."

Ndiye ndikuti nditule simenti, mwadzidzidzi pakati pa manda pali tebulo, ndipo akhalapo a Malizani a kukhonsolo, aja anabwera ndi mapu kumsonkhano wa kusukulu.

"Mayi, pano ndi njira ya madzi. Chomanga chokhazikika n'choletsedwa."

"Bwana, njirayi inadutsa liti pa amuna anga?"

"Pamapu, mayi. Si apa pofiirapa?"

Akulankhula choncho khosi likutalika, tayi n'kusanduka nthenga, basi ndi kakowa, waima ndi mwendo umodzi pampando. Akuti nkhani yanga si ya ofesi yake, ndipite kwa a malire.

Ndiye ndikuyenda, ndikuyenda, mchenga ukusanduka makonde a ofesi, mabango amera m'mawindo. Ndikupeza mayi wina wamagalasi akusanduka mvuu pang'onopang'ono, kuyambira m'masaya. Akuti ayeze kaye malire otetezera mtsinje. Akukoka tepi yoyezera, tepi ikulira ngati mwana.

"Ndisiyeni ine! Ndikayeza lero, mawa mtsinje wasuntha. Dzana unali kuseri kwa tchalitchi, lero uli m'tchalitchi."

Mvuu ija kuyasamula, ine n'kulowa m'kamwa mwake ndi simenti yanga, poti panalibenso khomo lina. M'katimo muli benchi, anthu a m'mudzi mwathu akhala pamzere, aliyense wanyamula chitseko cha nyumba yake yakale. Kutsogolo kuli chule wovala jekete.

"Kumanga mutha kumanga," akutero chule, "koma pamwamba pa msinkhu wa chigumula cha kamodzi pa zaka zana."

"Bwana, chimenecho chabwera katatu mwana wanga Dolika asanamalize pulayimale."

"Ndiye kuti muli ndi zaka mazana atatu, mayi. Pepani. N'chifukwa chake mukuoneka otopa."

Anthu pabenchi akungovomera ndi mutu. Chule akuloza nsonga ya mgwalangwa, pamene zinyalala za chigumula zinakodwa, akuti chiliza chikhale pamenepo.

"Nanga amuna anga ali pansi, chiliza chili m'mwamba, adzadziwa ndani kuti n'chawo?"

Apo simenti pamutu ikunong'ona, "Mayi, fulumirani, ndayamba kuuma. Chinyezi chandilowa." Ndipo ikulemeradi, khosi langa likulowa m'mapewa.

Mwadzidzidzi tabwereranso kumanda, kakowa, mvuu ndi chule akhala patebulo limodzi, akukangana. Kakowa akuti funso ndi limodzi basi: malemuwa ndi okhazikika kapena ongoyembekezera? Akakhala okhazikika, aphwanya lamulo, asamuke. Akakhala ongoyembekezera, safunika chiliza. Ine ndikuti ndiyankhe, mvuu ikuti ayi, ayankhe okha malemuwo.

Ndiye nthaka ikutseguka bwinobwino ngati chitseko, a Zuze akutuluka, avala malaya aja tinawaika nawo, mchenga uli m'tsitsi. Akukhala pamtumbira, akudzikuntha m'mawondo mwaulesi ngati achokera kudimba.

"Mayi a Dolika, mwaonda."

"Ndi mtunda, bambo. Kulibe nsomba. Tayankhani mabwanawa, mwina atilola."

Akuwayang'ana onse atatu mmodzimmodzi, kenako akundiyang'ana ine nthawi yaitali. Ine ndikudziwa kuti mawu amene anene ndiwo atimasule tonse. Akukonza kukhosi, akutsegula pakamwa, koma m'malo mwa mawu mukutuluka tho, tho, tho.

"Mwati bwanji, bambo?"

Tho, tho, tho.

Kutsegula maso, ndi denga likudonthera m'beseni. Mvula yoyamba, anzanga.