Ngalawa Yanga Imene Inamera Mizu

Inu amene mumaseka kuseri kwa matebulo anu a tomato mu Nangongwe, mukuti mkazi sangakhome ngalawa, kokani mpando mundimve mpaka ndimalize, ndipo wopeza bodza ngakhale limodzi adzanditsutse pamaso, osati kumpopi. Ndine Esinati Zulu, mwana wa munthu wa njanji wochokera ku Chipata, Fomu Faifi ndinamaliza, satifiketi ili pakhoma, ndipo chibadwire sindinanamepo.

Zinali zaka zija boma litatsegula misika, salaula, zovala za kaunjika zija, itasefukira paliponse, fakitale ya nsalu kumene ndinkagwira ntchito n'kutiuza kuti pitani kwanu, n'kundisenzetsa mipukutu ya nsalu imene inasowa wogula. Mwezi womwewo mwana wanga Misozi anapeza mwamuna, ndipo Loweruka tinayenera kupereka chilanga mulilo, kusenza miphika ya zakudya zathu zonse kupita kwa mkamwini kuti aone maphikidwe a kwathu. Amake Chanda mnyamatayo, bana Chanda, amene ine ndi iwo timaitanana asebele, anandiimitsa pamsika anthu akumva.

"Asebele, ngati mulibe nsomba za mu Kafue musadzivute kubwera. Mwana wanga sakwatira kunyumba yodya kabichi."

Mukumva? Ukwati wa mwana wanga unatsamira pa nsomba. Koma asodzi a ku Chanyanya ankakana kwacha, ati imaonda isanafike m'thumba, ankafuna unga ndi mchere basi, pamene msewu wopita kumeneko mvula inali itausandutsa phala, moti njinga ya wamalonda wina inamira yonse ndipo belu lake linkamveka pansi pa matope sabata yathunthu.

Ndinapita kwa ba Hamoonga, nkhalamba yosema mabwato, kukawauza kuti ndikufuna ngalawa ya thanga yonyamula katundu, masiku atatu ithe.

"Bana Misozi," anatero, "thabwa la ngalawa limagona pamthunzi chilimwe chonse kuti liume. Mtengo wauwisi suiwala kuti ndi mtengo."

"Ba Hamoonga, inu munalekeza Fomu chani?"

Ndinabwereka kasemasema wawo n'kuchoka.

Lolemba lomwelo ndinagwetsa mitengo ya mango kuseri kwa nyumba, ndinacheka matabwa utomoni ukuchucha, ndinawapinda pabondo langali, misomali itatha ndinazula ya pachitseko cha aneba iwo ali m'nyumba osamva kanthu, ndipo phula lomatira ming'alu ndinakapala pamsewu wa ku Lusaka ndi supuni, kotero maenje aja mwakhala mukutukwanira boma zaka zonsezi, pepani, ndi anga. Mlongoti ndinaimika wa malaina, wodula m'mawa womwewo. Thanga ndinasoka ndi nsalu zonse za ku fakitale, ndipo nditalitambasula koyamba dzuwa linabisika, nkhuku za mu Nangongwe zinalowa m'khola masana.

Lachinayi ndinapakira unga wa chimanga cha ku Shimabala ndi mchere, mphepo n'kugwira thanga, ngalawa n'kuthamanga molimbana ndi madzi mwakuti ndinafuula moni ndili padoko la Kafue, ndinafika ku Chanyanya, ndinatsitsa matumba, ndinamwa tiyi, kenako moni uja ndiye anafika, asodzi n'kuyankha kachiwiri. Anandidzazira nsomba, ndinazipachika pa mlongoti kuti ziume, Lachisanu n'kutembenuka.

Apa ndi pamene matabwa anakumbukira kwawo. Anali atamwa madzi tsiku lonse. Ndinangoona pamene ndakhala pakuphuka tsamba, chiwongolero chikutulutsa nthambi m'manja mwanga, maluwa, njuchi, anyani awiri osadziwika kumene achokera, ndipo mlongoti unakula ndi nsomba zanga zonse kupita kumwamba mpaka ndeke yopita ku Lusaka inachita kukhota. Pafupi ndi mlatho wa njanji ndinamva gwa! Mizu yagwira pansi pa mtsinje. Ndinapalasa, ndinatukwana, mvuu ina inayesa kukankha n'kuthyoka dzino, ngalawa osasuntha.

Loweruka m'mawa ng'oma zinayamba kumveka ku Nangongwe. Azimayi anyamuka ndi miphika pamutu, mphika wa nsomba uli mbee, mwana wanga akudikira manyazi. Wina akanalira. Koma ine ndinapita kusukulu, ndipo sayansi inatiphunzitsa kuti chomera chimatsata dzuwa. Ndinakoka thanga, ndinaphimba mbali ya mtsinje kuti bii, mbali ya tauni n'kuisiya padzuwa. Ngalawa inapendekeka, inazula muzu umodzi, inaponda kutsogolo, inazula wina, inakwera gombe, inadutsa pamsika mizu ikuchita tsetsetse ngati mkazi wovala nsapato zothina, wapolisi wa pamsewu n'kuiimika, ndinathyola mango akupsa panthambi n'kumuponyera, anachita sailuti.

Ndinawapeza azimayi atagwada kale pakhomo pa bana Chanda, akumasula nsalu za pamiphika ndi mano monga mwa mwambo, watsala mphika umodzi wokha, uja wopanda kanthu. Ndinafuula kuti vundukulani. Ndinagwedeza mlongoti kamodzi, nsomba zinagwa kuchokera kumwamba zitawotcheka kale chifukwa zinali pafupi ndi dzuwa, iliyonse n'kugwera mumphika, zotsala m'mbale za alendo.

Bana Chanda anayang'ana kumwamba, anayang'ana ine.

"Asebele, nsomba zakugwa mu mtengo shani? Zatheka bwanji?"

"Lawani, asebele. Kapena ndikubweretsereni kabichi?"

Anadya ndi nshima mpaka anamasula chitenge kawiri. Ukwati unachitika. Ba Hamoonga anabwera kudzanena kuti ndinakuuzani, ine n'kuwafunsa ngati bwato lawo louma linabalapo chipatso ngakhale chimodzi.

Ngalawa ndinaiyendetsa mpaka kunyumba, inaima pabwalo, inakana kubwerera kumadzi mpaka lero. Mtengo umene mumakhala pansi pake podikira minibasi ndi womwewo, gogodani mumve misomali. Ulendo unali umodzi wokhawo, ndipo mukafunsa phindu la malonda anga onse a pamadzi ndikuuzani osawonjezera: ndinapata mkamwini mmodzi amene amadya kwanga Lamlungu lililonse osabweretsa ngakhale mchere, ndi dengu limodzi la mango chaka chilichonse, onunkha nsomba, amene ngakhale anyani aja amakana.