Katoni ya madandaulo yomwe ndinatsegula pamaso pa makolo

Pali Loweruka lina lomwe ndikalikumbuka thukuta limandituluka ngakhale mu Juni. Ndikuuzani, koma musakauze ana anga.

Zaka zija boma linkagulitsa makampani, fakitale yomwe ndinkagwirako kuno ku Kafue inachepetsa antchito, ine ndili m'gulu loyamba. Ndinali nditatha zaka zambiri pambali pa makina aphokoso. Mwamwayi masukulu oti si aboma ankatsegulidwa paliponse, ndipo mayi wina wa kutchalitchi kwathu anatsegula yake ku Nangongwe. Anandipatsa masamu a Giredi 8 (pepala la uphunzitsi ndinalibe, koma tayi ndinali nayo).

Ndinkadziona katswiri. Ndinkalemba pabolodi osapuma, ndipo ndikafunsa ngati amva, ana a kumanja ankayankha mokweza. A kumanzere, kuwindo, anali zii. Ndinagamula kuti kumeneko kunasonkhana alesi okhaokha, ndipo mayeso awo ankandivomereza.

Teremu ikutha, ahedi, mayi aja, anati mphunzitsi aliyense afunse ana maganizo awo pa kaphunzitsidwe kake. Anzanga anang'ung'udza. Ine ndinaboola katoni ya sopo, n'kuuza ana kuti alembe osaika dzina. Kenaka ndinapempha kuti ndidzaitsegule pamsonkhano wa makolo. Ahedi anandifunsa kawiri ngati sindikufuna kuyamba ndawerenga ndekha. Ndinati wosalakwa saopa bwalo.

Makolo anadzaza kalasi, ena ochokera kutali, kudera la Estates komwe. Mkazi wanga naye anabwera, atavala chitenge chatsopano.

Kapepala koyamba ndinakawerenga mokweza: "Ba ticha amakuwa monga tili kutsidya kwa mtsinje." Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Kachiwiri kanati nkhongo yanga amaidziwa kupambana nkhope. Ndinasekabe, koma mano okha. Kachitatu kanati, "Ba ticha amatizonda ise a kuwindo." Chidani, ine dikoni wathunthu! Kachinayi kananena zomwezo, kachisanunso.

Munthu wanzeru akanatseka katoni. Ine ndinafunsa kuti walemba ndani (inde, ine yemwe ndinalonjeza kuti maina safunika).

Mtsikana wina wa kuwindo, Mutinta, anaimirira n'kubwera kutsogolo. Anati chiyambire teremu amafunsa mafunso koma sindinamuyankhepo. Tsiku lina anafunsa katatu za kugawa manambala, ine n'kumangolemba, mpaka iye ndi anzake anasiya kufunsa.

Ndinati limenelo ndi bodza, ndipo ndinayamba kulalikira za ana a masiku ano. Ndili mkati, ndinaona kuti anthu onse akundiyang'ana kukamwa kuli yasa. Ndinamva pambuyo pake kuti bambo ake a Mutinta, msodzi wachikulire, anali ataima kumanzere kwanga akupempha mwaulemu kuti alankhulepo, ine osacheuka n'komwe.

Mkazi wanga anadzuka, n'kudzaima kumanzere kwanga. Ndinaona milomo yake ikugwedezeka, mawu ngati ali pansi pa madzi. Kenaka anazungulira kumanja.

"Ba shi Chanda," anatero, kundiitana ndi dzina la mwana wathu, "ndakuitanani katatu. Khutu ili siligwira."

Ndinakhala pa desiki ya mwana. Mkazi wanga anauza khamu lonse kuti kunyumba nakonso ndimachita zomwezo, koma zaka zonsezi ankayesa kuti ndi mwano wanga chabe. Amayi ena anagwedeza mitu momumvera chisoni. Ine palibe anandimvera.

Kuchipatala anatsimikiza kuti makina aja anandigonthetsa khutu la kumanzere. Ndinkayembekeza kuchotsedwa ntchito kachiwiri, koma ahedi anangonena kuti ndikapepese ana ndi bambo aja, ndipo ndizitembenuka pophunzitsa. Ndinapepesa, tayi ili m'thumba.

Teremu yotsatira ndinkaima potchera khutu labwino kwa onse. Mafunso anagwa ngati matalala, ndipo alesi anga aja anayamba kukhoza, Mutinta n'kuposa kalasi yonse. Ndinkawalephera ndine.

Ndinaphunzira kuti mwana akakhala chete uzimufunsa chifukwa, ndiponso kuti mayankho ake uziyamba wawerenga wekha, utakhala pansi. Phunziroli ndinafuna kuligawira anzanga akale a kufakitale. Nditawapeza atatu pamsika, ndinawafotokozera zonse ndi kuwalangiza kuti akapimitse makutu. Anandimvetsera mwachidwi mpaka ndinamaliza, kenaka wamkulu wa iwo anawerama, dzanja lili kukhutu, n'kundifunsa kuti, "Ati shani? Wati chiyani?"