Khomo la M'mitambo Silikundidziwa

Anzanga, maloto a usiku wapitawu andisiya ndi njenjenje. Ndinalota ndili pa kachipatala kathu kaja, kumene ndimalowetsa mayina a odwala mu kompyuta, ndiye laputopu inatsokomola n'kunena kuti, "Musasinthe netiweki musanauze makina a m'mitambo, osunga zonse za odwala. Iwo aja sadziwa nkhope, amangodziwa njira imene munthu wadzera." Anesi anaseka. A Chikaonda, oona za makompyuta, anazula rauta yakale, kabokosi kobweretsa netiweki, n'kulumikiza yatsopano. Pamenepo n'kuti mwana wanga Yanjano ali kumsana thupi lili moto, ndipo zotsatira za magazi ake zinali m'makina omwewo.

Ndiye ndinalemba dzina langa ndi mawu achinsinsi. Mwadzidzidzi ndinapezeka ndaima pa khomo lachitsulo pamwamba pa mtambo, madenga a kwathu akuoneka pansi ngati mabokosi a machesi.

"Odi kuno!"

"Mwadzera kuti, mayi?" linafunsa khomolo.

"Ndine Nabiyeni, wa masiku onse uja."

"Nabiyeni amadzera njira ya ku ofesi. Yanuyi sinalembedwe."

Ndiye ndinatsika, ndinayatsa netiweki ya pafoni yanga, n'kukweranso. Khomo linati ndikununkha tauni ina. Ndinakapempha netiweki pa golosale ya a Shaibu, khomo linati ndine munthu wachitatu lero kuba dzina la Nabiyeni, ndipo ndikagogodanso lidzitseka mpaka Lolemba.

Ndinathamangira a Chikaonda. "Achimwene, chonde kalembetseni adilesi ya rauta yatsopanoyi, mwana akutentha."

Mwadzidzidzi anasanduka bilimankhwe wovala tayi, diso lina kwa ine, lina ku foni. "Chemwali, kuti ndilembetse adilesi ndiyenera kulowa kaye m'makinamo. Nanenso andikana." Anakweza phazi limodzi, osalitsitsanso. Akuluakulu ochokera ku boma anafika ali nkhanga zitatu, zinazungulira rauta kawiri, n'kugamula kuti msonkhano udzakhala mwezi wamawa.

Ndiye ndinakwera komaliza, osagogoda. Ndinasuzumira pa bowo la kiyi. M'katimo munalibe makina alionse, munali kachipinda kozizira, ndipo pa benchi panakhala kapepala ka Yanjano, kakugwedeza timiyendo ngati mwana amene amayi ake achedwa kukamutenga kusukulu.

"Tandiuza, alemba chiyani?" ndinanong'ona.

Kapepalako kanati, "Amayi, pamwamba alemba kuti mwamsanga. Kwinaku sindingawerenge, muno muli mdima."

Ndinadzidzimuka ndi kulira kwa mjigo wa kuseri kwa nyumba, wina atalawirira kutunga madzi. Yanjano ankapuma mothamanga, milomo itauma. Ndinawagwedeza bambo ake.

"Dzukani, mupope njinga."

"Iwe, si anesi anati tidikire zotsatira mpaka Lolemba?"

"Adikire okha. Akamutengenso magazi ku chipatala chachikulu, andipatse pepala m'manja."

Anandiyang'ana, anagwira chipumi cha mwana, n'kupita kukapopa njinga. Kunja kunali kusanache pamene ndinam'bereka Yanjano n'kumanga chitenje kawiri.